Mwana Wokonda Kujambula: Muyalireni Maziko Ali Pakhomo

Mukafika pamsika wa kwanuko, taimani pang'ono muwerenge zinthu zimene zinadutsa m'manja mwa wojambula zisanafike pamaso panu. Chikwangwani cha pagolosale, malemba a kumbuyo kwa minibasi, pepala lokutira sopo, maluwa a pachitenje cha mayi wogulitsa tomato, zithunzi za m'buku la Sitandade 3, tisheti ya kwaya, ngakhale ndalama yapepala ili m'thumba mwanuyo. Pa chilichonse panali munthu amene anakhala pansi n'kuganiza kuti mzere uwu udutse apa, mtundu uwu ugundane ndi uwu, ndipo analandira malipiro ake. Komabe m'nyumba zambiri, mwana akapezeka atadzaza masamba a kumapeto kwa kope ndi magalimoto ndi nkhope za anzake, amakalipiridwa kuti akutha makope.

Nkhawa ya makolo ndi yomveka. Kope limagulidwa ndi ndalama, ndipo tonse tinawaonapo anyamata aluso akupsa ndi dzuwa m'mbali mwa msewu, zithunzi zili ndandanda, wogula osaoneka. Koma mukawafunsa amene akudya ndi luso limeneli, kaya ndi wokonza zotsatsa malonda, wojambula mapulani a nyumba, telala wa masitayilo akeake kapena wojambula zithunzi za m'mabuku, mupeza kuti onse analowera khomo limodzi. Anayamba aphunzitsa diso kuona bwino, n'kuphunzitsa dzanja kumvera diso, kenako n'kusankha njira. Maziko amenewa amangofuna pensulo, mapepala, nthawi yoikika ndi munthu wamkulu mmodzi woti azifunsa kuti, "Lero wajambula chiyani?" Zonsezi zingapezeke pakhomo panu.

Masukulu akuluakulu a zaluso amayambiranso pomwepa. Sukulu ya Bauhaus, imene Walter Gropius anatsegula ku Weimar m'dziko la Germany mu 1919, inkafuna kuti wophunzira aliyense ayambe watha miyezi 6 akuphunzira mizere, maonekedwe a zinthu, mitundu ndi khalidwe la zipangizo monga mtengo, nsalu ndi chitsulo, asanaloledwe kulowa kwa oluka nsalu, oumba mbiya kapena opanga mipando. Mpaka lero masukulu ambiri ku Britain ndi kwina ali ndi chaka choyambira chotere. Wachinyamata wa zaka 17 sadziwa ngati adzakhale wosema, wokonza zovala kapena wojambula makatuni, koma chilichonse chimene angasankhe chidzafuna diso lomwelo.

Zogula ndi zosagula

Musathamangire bokosi la penti wodula. Gulani mapensulo atatu: HB ya mizere yopepuka, 2B ya ntchito zambiri, ndi 6B yodetsera mithunzi. Nambala ya kutsogolo kwa B ikamakula, pensulo imakhala yofewa ndi yakuda kwambiri. Onjezani chofufutira, rula ya masentimita 30 ndi chosongolera. Pa mapepala, chofunika ndi kuchuluka. Limu imodzi ya A4 imakhala ndi mapepala 500, ndipo mwana akamajambula mbali zonse ziwiri imamufikitsa patali. Limu ikavuta, kuseri kwa makalendala akale, makatoni ophwasula, mapepala oyera a m'kati mwa matumba a simenti ndi mapepala a muofesi olembedwa mbali imodzi, zonsezi zimagwira. Mwana wopatsidwa pepala limodzi lodula amaopa kulakwitsa, ndipo dzanja lamantha limachedwa kuphunzira.

Makala ojambulira mungawotche nokha. Dulani timitengo ta mabulosi tonenepa ngati pensulo, tisendeni, tiume, ndiye mutithithikize m'kachitini ka chivindikiro. Boolani kabowo kamodzi pachivindikiro n'kuika chitinicho pambaula yoyaka. Utsi ukasiya kutuluka pakabowo, chiphuleni, koma musatsegule chisanazizire, chifukwa mpweya ukalowa timitengo tikadali totentha timayaka n'kusanduka phulusa. Ntchito iyi aichite wamkulu, mwana aziona. Makala amafufutika msanga, choncho chithunzi chikatha chiikeni pakati pa mapepala awiri.

Utoto nawonso uli pansi pa mapazi athu. Katondo amapereka mtundu wofiira, makande wakuda, dothi la kudambo wotuwa, ndipo makala osinja amadetsa kwambiri. Umitsani dothilo, lisinjeni, lisefeni ndi kansalu, ndiye mulisakanize ndi madzi ndi guluu woyera wa akalipentala pang'ono kuti ligwire papepala. Musachione ngati chinthu cha umphawi. Zithunzi za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, pamalo 127 amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, zinajambulidwa ndi utoto wofiira ndi woyera wochokera m'nthaka, ndipo zikuonekabe. Agogo amene amadziwa kumene kumapezeka dothi lokongoletsera zipupa ndi amene angamutsogolere mdzukulu pa ntchito imeneyi.

Ajambule chimene akuchiona

Ntchito yaikulu kuposa zonse ndi kumuchotsa mwana pa zithunzi za m'mutu ndi za pafoni, n'kumukhazika maso ndi maso ndi chinthu chenicheni. Kukopera chithunzi cha woimba wotchuka kumasangalatsa anzake, koma mbali yovuta kamera inagwira kale pamene inasandutsa munthu wathunthu kukhala chinthu chosalala. Muikireni kapu, mpoto, nsapato yakutha, chimanga chosasenda kapena lichero. Ajambule chinthu chimodzi kwa mphindi 20 kapena 30, ndipo lamulo likhale lakuti maso akhalitse pachinthucho kuposa papepala. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi zimakhala choncho ndendende.

Vuto loyamba mudzaliona nokha. Kukamwa kwa kapu adzakujambula kozungulira bwinobwino, chifukwa mutu wake ukudziwa kuti kapu ndi yozungulira, chonsecho kuchokera pamene wakhalapo kukuoneka kophwatalala. Musamujambulire. Muuzeni anyamule kapuyo pang'onopang'ono kuchokera patebulo mpaka ifike pa msinkhu wa maso ake, aone mmene kukamwako kukucheperachepera mpaka kusanduka mzere wowongoka. Tsiku limene mwana wazindikira kuti chimene akudziwa ndi chimene akuona ndi zinthu ziwiri, ndiye kuti wayamba kuphunzira kujambula.

Kenako aphunzire kuyeza ndi pensulo. Atambasule mkono wonse, atsinzine diso limodzi, ayeze m'lifupi mwa botolo pakati pa nsonga ya pensulo ndi chala chachikulu, ndiye awerenge kuti muyezo umenewo ukulowa kangati m'litali mwa botololo. Ukalowa katatu, papepala ulowenso katatu. Chigongono chisapindike, chifukwa chikapindika muyezo wasintha. Tsiku lina muikireni mpando, koma mumuletse kujambula mpandowo: ajambule mipata yokha ya pakati pa miyendo ndi ya pakati pa timatabwa ta kumsana. Adzadabwa kuona mpando ukutulukira wokha, wolondola kuposa masiku onse, chifukwa mpata ulibe dzina loti mutu umunamize nalo. Palinso masewero a mphindi 5 oyambira nawo tsiku lililonse: ajambule dzanja lake lina osayang'ana papepala ngakhale pang'ono, pensulo izingotsata pamene diso likuyenda. Chotuluka chimakhala chokhotakhota, ndipo abale ake adzaseka. Aloleni aseke, koma iye asasiye.

Mizere ikayamba kumvera, abwere ku kuwala ndi mthunzi. Ajambule timabokosi 5 tondondozana, koyamba akasiye koyera, komaliza akadetse mpaka pensulo italephera kupitirira, ndipo atatu a pakatiwo azinka nada mwadongosolo. Zikuoneka zophweka, koma ana ambiri amathera pa kutuwa kumodzi chifukwa choopa kudetsa. Akatha, ikani dzira papepala loyera pafupi ndi zenera, chitseko chitsekedwe kuti kuwala kuchokere mbali imodzi. Apeze pamene pawala kwambiri, pamene payamba kuda, pamene padetsetsa, ndi mthunzi umene dziralo laponya papepala. Akayang'anitsitsa adzaonanso kuti kunsi kwa dzira, kumbali yamdimayo, kukuwala pang'ono chifukwa pepala likubweza kuwala. Akasokonezeka, apsinye maso ngati akuyang'ana padzuwa; tizinthu ting'onoting'ono timazimirira, n'kutsala zigawo zikuluzikulu zowala ndi zakuda.

Za kutalika ndi kuyandikira kwa zinthu akaphunzirire panja. Aime pakati pa njira yowongoka kapena kumapeto kwa mizere ya m'munda, aone mmene mbali ziwirizo zikukakumanira kutsogolo, pa msinkhu wa maso ake. Mapolo a magetsi amanka nafupika, ndipo mipata ya pakati pake imanka nichepa. Akakhala pansi malo okumanirawo amatsika, akakwera pachulu amakwera. Akagwira zimenezi ajambule bokosi la machesi kuchokera mbali zosiyanasiyana, kenako nkhokwe, kenako nyumba yanu kuchokera pangodya. Amene adzafune kujambula mapulani a nyumba kapena kupanga mipando, apa ndi pamene akuyambira.

Anthu ndi ziweto zibwere mwa njira ziwiri. Yoyamba ndi yofulumira: nkhuku ikutola chakudya, mbuzi yagona, mayi akusinja, aliyense mphindi imodzi kapena ziwiri, osafufuta, osasamala za maso ndi zala, kungogwira kupindika kwa msana ndi kumene thupi latsamira. Papepala limodzi pakwane tizithunzi 10. Yachiwiri ndi yodekha: wina wa m'banjamo akhale duu kwa mphindi 15 akumvera wailesi. Apa mumukumbutse chinthu chimodzi chimene pafupifupi mwana aliyense amalakwitsa: maso a munthu ali pakati pa mutu, kuyeza kuchokera paliwombo mpaka kuchibwano, osati pamwamba pafupi ndi tsitsi. Munthu wamkulu ataima, msinkhu wake umakwana mitu yake pafupifupi 7 ndi theka, pamene mwana wamng'ono amakhala ndi mutu waukulu poyerekeza ndi thupi.

Zonsezi ndi za mwana wa zaka 11 kapena 12 kupita m'tsogolo. Wocheperapo musiyeni ajambule zimene akufuna, mmene akufunira. Inu muzingopereka mapepala ndi kumvetsera nkhani ya chithunzicho.

Mitundu, malemba ndi kasanjidwe

Pofika pa penti, gulani timabotolo tisanu tokha ta penti wosungunula ndi madzi: wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda. Mitundu inayo aipeze yekha. Chikasu ndi buluu zimabala wobiriwira, wofiira ndi chikasu zimabala olenji, wofiira ndi buluu zimabala pepo. Athothole tsamba la mango, limodzi lanthete lina lokhwima, ayesetse kusakaniza mpaka mtundu wa papepala ufanane ndi wa tsambalo, ndipo alembe pambali kuti waphatikiza chiyani ndi chiyani. Adziwenso mitundu yolimbana: wofiira ndi wobiriwira, buluu ndi olenji, chikasu ndi pepo. Ikakhala moyandikana imawalitsana, ikasakanizidwa imaphana n'kutulutsa mtundu wodera. Zitenje za mayi ake ndi buku lokwanira pa phunziro limeneli. Ayale chitenje chimodzi, awerenge mitundu imene ilipo, apeze pamene duwa layambira kubwerezedwa, kenako apange chake papepala ndi mitundu itatu yokha. Penti wa mafuta, thinala ndi penti wopopera adikire akule, ndipo akadzayamba azigwirira panja popita mphepo.

Malemba ndi amene amabweretsa ndalama yoyamba kwa achinyamata ambiri, choncho musawapeputse. Alembe mizere iwiri yotsogolera ndi rula, ndiye aphunzire zilembo zikuluzikulu zonenepa mofanana kuyambira A mpaka Z. Chinsinsi chili pa mipata. Akasiya mpata wofanana ndi rula pakati pa zilembo zonse, mawu amaoneka ong'ambika, chifukwa A ndi T zimasiya malo ambiri m'mbali pamene M ndi N zimadzaza. Mpata uyezedwe ndi diso. Asanagwire bulashi, ayambe walemba mawu onse ndi choko kapena pensulo, kuti zilembo zomaliza zisapanikizike kumapeto kwa thabwa, ndipo wina amuwerengere kalembedwe ka liwu lililonse. Zikwangwani zolakwika kalembedwe zadzaza m'misika yathu, ndipo mwini shopu akazindikira sabwereranso kwa amene anamulembera.

Mpatseni ntchito yeniyeni ya pakhomo. Ngati mumagulitsa mandasi, makala kapena mazira, alembe chikwangwani. Koma asanayambe chachikulu, ajambule tating'onoting'ono 6 tosiyana kasanjidwe, kalikonse kosaposa chikhatho, ndiye musankhirane. Mufunseni kuti munthu wodutsa panjinga ayambe kuwerenga liwu liti. Liwu limenelo likule kuposa onse, mtengo ubwere pambuyo, zina zonse zichepe kapena zichoke. Mitundu ya zilembo isapose iwiri. Akatha, aime mapazi 10 kuchokera pachikwangwanicho aone ngati chikuwerengeka. Ophunzira a kukoleji amachita zomwezi, kungoti iwo amazipatsa mayina a Chingerezi.

Kukula ndi kuchepa kwa chinthu pachithunzi kumalankhula. Samson Kambalu, amene anaphunzira ku Chancellor College ndipo amaphunzitsa ku Oxford, anapanga chiboliboli chotchedwa Antelope chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Anachitenga pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ali ndi mmishonale John Chorley, onse atavala zipewa. Pachibolibolicho Chilembwe anamukulitsa kwambiri kuposa mnzakeyo, ndipo aliyense wodutsa ankadziwa yekha kuti nkhani ndi ya ndani. Mwana wanu akamasankha liwu loti likule pachikwangwani cha mandasi, akuphunzira nzeru yomweyo.

Musamutsekere papepala pokha. Ng'ombe zadongo, galimoto zamawaya, nyumba zamakatoni, kuluka nkeka, kusoka zidutswa za nsalu zotola kwa telala, zonsezi zimaphunzitsa dzanja kulemera, kulimba ndi kuima kwa chinthu. Billie Zangewa, wobadwira ku Blantyre mu 1973, amadziwika m'maiko ambiri ndi zithunzi zosoka pamanja ndi zidutswa za nsalu ya silika. Ngati muli pafupi ndi Dedza, ulendo umodzi wa ku Kungoni ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zosemasema ndi chikhalidwe mu 1976, kapena wa ku Dedza Pottery, ungamutsegule maso kuposa mabuku ambiri. Ku Blantyre kuli zithunzi ku Mandala House ndi zinthu zakale ku Chichiri Museum. Apite ndi kope ndi pensulo, asakangoonerera.

Mbali yanu makolo

Ikani nthawi. Mphindi 30 tsiku lililonse, akatha homuweki, zimaposa tsiku lonse Loweruka lokha. Masana kapena madzulo dzuwa lisanalowe ndi bwino kuposa usiku pa kandulo. Mpatseni katoni kapena thumba lake losungiramo ntchito, pamwamba posafika ana aang'ono, chinyezi ndi chiswe, ndipo pepala lililonse alembepo deti. Pakatha miyezi itatu yalani zonse pamphasa mwa ndondomeko ya madeti. Kusintha kumene simukuona tsiku ndi tsiku kudzaonekera pamenepo, ndipo palibe chimene chimalimbitsa mwana mtima kuposa kuona yekha kumene wachokera.

Simukuyenera kudziwa kujambula kuti mumuthandize. Mawu akuti "chakongola" tsiku lililonse samuphunzitsa kanthu, ndipo akuti "sichikufanana" amamufooketsa. M'malo mwake mufunseni kuti kuwala kukuchokera kuti, pamene pamuvuta ndi pati, akanabwereza akanasintha chiyani. Ndipo ndinene mosabisa za atsikana. M'makomo ambiri mnyamata amapeza nthawi yojambula pamene mlongo wake ali pamoto kapena kumjigo, kenako timati atsikana alibe luso limeneli. Ngati wokonda kujambula ndi mtsikana, gawani ntchito za pakhomo kuti mphindi 30 zake zisadyedwe.

Kompyuta ibwere liti

Ibwere ndithu, chifukwa ntchito zambiri zolipira masiku ano zimathera pa kompyuta, koma ibwere dzanja litayamba kumvera. Wachinyamata wongodziwa kusintha mawu pa zokonzakonza za pulogalamu ya Canva amatulutsa zofanana ndi za anzake onse, ndipo amapikisana nawo pa kutsitsa mtengo basi. Amene amayamba waganiza papepala ndi amene kasitomala amamukumbukira.

Simukufunika makina atsopano. Laputopu yakale yabwino imakwanira, ndipo pali mapulogalamu aulere: Inkscape ya ma logo ndi malemba, GIMP yokonzera zithunzi, Krita yojambulira, ndi Blender ya zithunzi zoyendayenda, ngakhale iyi imafuna makina amphamvu. M'malo ambiri osindikizira amagwiritsa ntchito CorelDRAW, Photoshop ndi Illustrator, koma wodziwa imodzi savutika kuphunzira inzake. Adziwe msanga zinthu zitatu zimene zimaonongetsa ndalama. Mitundu ya pagalasi la kompyuta, ya RGB, imawala kuposa ya inki, ya CMYK, choncho buluu wowala pafoni amatuluka wozimirira papepala. Chithunzi chokasindikiza chikhale cha 300 dpi pa kukula kwake kwenikweni, osati chotengedwa pa WhatsApp, chimene chimafika chitafinyidwa. Ndipo mtundu wofika m'mphepete mwa pepala upitirire ndi mamilimita 3 kuti podula pasatsale mzere woyera. Ntchito azisunga malo awiri, chifukwa fulashi imatayika ndipo magetsi amazima osatsanzika.

Sukulu asasiye

Luso lisakhale chifukwa chothawira m'kalasi. Kupulayimale kuli Expressive Arts, ndipo kusekondale zina kuli Creative Arts, Technical Drawing, Woodwork ndi Clothing and Textiles. Funsani aphunzitsi aakulu zimene zilipo pasukulu yake asanasankhe maphunziro a Fomu 3. Kuti munthu alowe yunivesite ya boma pamafunika makirediti 6 pa MSCE, kuphatikizapo Chingerezi. Ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa za zojambulajambula ndi zosemasema, ndipo ku MUBAS ku Blantyre kuli maphunziro a zomangamanga ndi mapulani a nyumba, kumene masamu ndi sayansi zimafunika kwambiri. Masamu omwewo ndi amene adzawerengere penti wokwanira khoma ndi phindu la ntchito, ndipo Chingerezi ndi chimene adzalembere makalata kwa makasitomala.

Amene yunivesite yamuphonya njira siinatsekeke. Makoleji a ntchito zamanja a pansi pa ndondomeko ya TEVETA, monga Soche, Lilongwe, Salima, Namitete, Nasawa ndi Mzuzu, komanso makoleji a m'madera, amaphunzitsa ntchito ngati ukalipentala, kusoka ndi kupenta nyumba, ndipo wolowa kumeneko ali kale ndi diso la wojambula amawasiya anzake kutali. Ntchito zimasiyana koleji ndi koleji, choncho kafunseni musanalipire kalikonse. Palinso kuphunzira pamanja. Pa holide mupite naye nokha kwa wolemba zikwangwani, wodinda matisheti, wosema kapena telala wodziwika bwino m'dera lanu, mugwirizane za maola, chakudya ndi zimene aziphunzira. Muzikamuyendera. Ena amangomutuma mwana madzi ndi kusesa mwezi wonse, ndipo mwana wamkazi makamaka asasiyidwe pamalo amene simunawafufuze.

Fayilo ya ntchito ndi nkhani ya ndalama

Aliyense wofuna kumulemba ntchito kapena kumupatsa oda adzanena mawu amodzi: "Tione zimene unapangapo." Choncho pofika Fomu 4 akhale ndi fayilo ya ntchito zake zabwino, imene eni ntchitoyi amati portfolio. Zikhale pakati pa 15 ndi 20, zosiyanasiyana: zojambula poyang'ana chinthu chenicheni, nkhope ndi thupi la munthu, nyumba kapena msewu, ntchito ya mitundu, ya malemba, ndi zithunzi za zoumba kapena zosoka. Aikemonso masamba oonetsa mmene ganizo limodzi linayambira pa tizithunzi ting'onoting'ono mpaka kutha, chifukwa odziwa ntchito amafuna kuona kaganizidwe. Zokopera asaikemo. Pojambula ntchitozo ndi foni, aziike pamthunzi panja, foni ilunjike bwino osapendekeka.

Maoda oyamba adzachokera kwa achibale, kutchalitchi kapena kumzikiti, kwa a timu ya mpira ndi kwa eni mashopu oyandikana nanu. Apa ndi pamene makolo ambiri amaononga osadziwa, pomuuza kuti, "Awa ndi amalume ako, ungowapangira." Kuthandiza pamaliro kapena pa ntchito ya mpingo ndi ulemu, ndipo achite ndi mtima wonse. Koma wochita malonda alipire, ngakhale pang'ono. Khalani naye pansi muwerengere limodzi: zipangizo zadya zingati, thiransipoti ndi zingati, watha maola angati, ndipo waganyu wa luso m'dera lanu amalandira zingati pa tsiku. Mtengo uchokere pamenepo. Atenge theka la ndalama asanayambe, kuti asagulire penti m'thumba mwake. Zimene agwirizana zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pafoni: kukula kwa ntchito, mawu olembedwapo, tsiku lomaliza, ndi kuti kusintha kwaulere ndi kangati. Pa ndalama iliyonse yolowa, gawo lina libwerere ku zipangizo.

Azisayina ntchito zake. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zojambula ngati mmene limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo bungwe la COSOMA ndi limene limayang'anira nkhani zimenezi. Akamatumiza chitsanzo kwa kasitomala amene sanamalize kulipira, atumize chaching'ono cholembedwa dzina lake pakati. Lamulo lomwelo limamuletsanso iye kutenga chithunzi cha wina pa intaneti n'kuchigulitsa ngati chake.

Si mwana aliyense wodutsa m'maphunziro amenewa adzakhale wojambula. Wina adzakhala mmisiri wa mipando, wina mphunzitsi, wina namwino wongojambula Lamlungu masana, ndipo palibe amene adzakhale atataya nthawi. Koma amene mtima wake uli pomwepo mudzamudziwa pakutha kwa chaka, chifukwa katoni yake idzadzaza popanda inu kumukumbutsa. Ameneyo musamuuze kuti asankhe pakati pa sukulu ndi pensulo. Sabata ino mugulireni mapensulo atatu aja, mumupezere mapepala, ndipo mumuikire kapu patebulo ayambe.